A Kumbuyo Asadzere pa Msewu wa Chikumbutso

Abusa, akuluakulu a mpingo, a bungwe la asilikali akale, achibale ndi inu nonse amene mwabwera kudzatipepesa, ndaima pano kuti ndiwerenge mbiri ya malemu agogo anga, amene dera lonse lino limawadziwa ndi dzina loti a Kumbuyo. Ine ndine mdzukulu wawo, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi womaliza. Amalume anasankha ine chifukwa ndangolemba kumene mayeso omaliza a kusekondale, akuti ndigwire ntchitoyi ndisanaiwale kuwerenga. Anandipatsa tsamba limodzi. Zonse zimene zinali pa tsambalo zili muno, koma ndawonjezerapo zanga, ndipo amalume sanazione. Ngati mawu anga sakufika kwa inu amene muli panja, mundikhululukire, sindinazolowere kuyankhula pagulu. Pulogalamu imene mwalandira ikunena kuti tikachoka pano thupi lidzera pa Msewu wa Chikumbutso. Malemu anasiya mawu okhudza msewu umenewo. Anawasiya kwa ine, ndipo ndakhala nawo masiku khumi ndi limodzi osauza munthu. Ndiwanena mbiri ikafika pamenepo.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1947, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo pa onsewo ndi iwo okha amene anatsala. Sukulu analekeza kalasi yachisanu. Iwo ankati anasiya chifukwa aphunzitsi analibenso chowaphunzitsa, koma zoona zake n'zoti bambo awo anathyoka msana pa ntchito, pakhomo n'kufunika manja.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nkhondo ija itafika povuta, analembedwa usilikali. Mfuti anaigwira masabata ochepa okha. Akuluakulu ataona mapewa awo anawaika m'gulu la onyamula ovulala pa machira, ndipo pa anthu awiri onyamulawo iwo ankakhala kumbuyo nthawi zonse. Dzina lija linachokera pamenepo. Ndikupempha kuti mumvetsetse chinthu chimodzi cha ntchito imeneyi, chifukwa popanda icho zimene ndinene kutsogoloku sizimveka. Asilikali akamaguba amaponda limodzi, onse kuyamba ndi phazi lamanzere. Onyamula machira satero. Wakutsogolo akaponya lamanzere, wakumbuyo amaponya lamanja, chifukwa akaponda limodzi machira amapita uku ndi uku ngati katungwe, bala n'kutseguka. Pophunzira, sajeni ankaika beseni lodzaza madzi pa machira, ndipo madzi akangotayika onse awiri ankathamanga mozungulira bwalo mpaka dzuwa kupendeka. Agogo ankati phazi lawo lamanja linaphunzira kwambiri kuposa mutu wawo.

Anagwira ntchitoyi zaka zitatu, m'matope ndi m'mapiri, zipolopolo zikulira pamwamba. Anthu amene anawanyamula sanawawerenge. Ankangokumbukira olemera ndi otukwana. Mmodzi anali ndi zonse ziwiri: mnyamata wowomberedwa pa ntchafu, amene anamunyamula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, iye akuwatukwanira amayi awo njira yonse. Mnyamatayo anachira. Lero ndi a wapampando a bungwe la asilikali akale, ndipo tikuthokoza kuti ali nafe pano.

Atabwerako kunkhondo anakwatira agogo aakazi, amene ankasoka zovala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ukwati wawo unadalitsidwa mu mpingo uno m'chaka cha 1971. Mulungu anawapatsa ana asanu, awiri anatsogola. Agogo aakazi ankadandaula kuti sanayendepo mbali ndi mbali ndi mwamuna wawo ngati mabanja ena, chifukwa agogo ankangotsalira m'mbuyo, phazi losiyana. Ankati, "Bambo inu, mukundilondola ngati ndaba nkhuku." Agogo n'kuyankha kuti, "Ndikudikira ugwe." Anakhala limodzi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo tsiku limene agogo aakazi anagwadi m'bafa, anawanyamula ndi iwo omwewo.

Ntchito anaipeza pa chipatala chachikulu cha m'tauni, yokankha odwala pa trole. Anaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi: kuchokera m'wodi kupita kufiyeta, kuchokera kufiyeta kubwerera m'wodi, ndipo ena kupita nawo kumochale. Ankayenda ndi kabotolo ka oilo m'thumba, kuti mawilo asamalire pamene anthu akugona. Mng'alu uliwonse wa simenti m'makonde a chipatalacho ankaudziwa, ndipo akafika pamenepo ankatukula trole pang'ono. Anamwino akale amene abwera lero akhoza kundichitira umboni kuti ngakhale munthu wofunda nsalu mpaka kumutu, agogo ankamuuzabe kuti, "Tikukhota tsopano, achimwene." Mu mpingo uno sanakhalepo ndi udindo. Ankayala mabenchi, ankakonza zitseko, ndipo pa maliro ambiri a makolo anu phewa lawo linalipo. Atapemphedwa kuti alalikireko, anakana, akuti pakamwa pawo ndi polemera. Amayi amati matenda amenewo ndinatengera agogo.

Atapuma pa ntchito ankakhala pa khonde la nyumba yawo, imene anamanga m'mbali mwa msewu wakale. Ambiri mukulikumbukira khondelo, la mizati iwiri yobiriwira ndi benchi imene phazi lake limodzi linali njerwa. Aliyense wodikira basi ankabisala dzuwa pamenepo. Zaka zitatu zapitazo kunabwera anthu ndi tepi yoyezera, n'kulemba chizindikiro chofiira pa mzati, akuti msewu ukukulitsidwa. Khonde linagwetsedwa Lachiwiri lina m'mawa ife tikumwa tiyi. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chathu chimatsegukira pa ngalande, ndipo timatuluka podzera pa thabwa. Amalume anakwiya, amayi analira, koma agogo anali atamva pa wailesi kuti msewuwo udzatchedwa wa Chikumbutso, polemekeza onse amene anamenya nkhondo ija. Anati, "Khonde n'chiyani? Anzanga anasiya miyendo." Tsiku ndi tsiku ankaima pa thabwa paja kuonerera mathirakitala, n'kumawapatsa madzi akumwa anyamata othira phula.

Chaka chatha kalata inafika yowaitana kuti akagube nawo pa tsiku lotsegulira msewu. Ndinawawerengera ndine, katatu, chifukwa ankati ndikuthamanga. Jekete yawo yakuda inasitidwa kudakali sabata yathunthu. Mendulo anaitsuka ndi mankhwala otsukira mano mpaka inkathobwa m'maso. Analemba pa kapepala mayina a anzawo amene anafera pa machira awo, akuti mwina kukakhala mpata woti munthu anene mawu awiri.

Kutatsala masiku awiri kunali kuyeserera pa bwalo la mpira la sukulu yathu. Ife ana asukulu tinapatsidwa timbendera toti tidzakupize m'mbali mwa msewu, choncho tonse tinalipo. Madala anali khumi ndi anayi, ndipo agogo anaikidwa mzere womaliza chifukwa cha kutalika. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa yunifolomu yatsopano, wonyamula chimkuzamawu. Atakuwa kuti "Lefiti!" munthu amene anali patsogolo pa agogo anaponya lamanzere, agogo n'kuponya lamanja. Anayambiranso. Chimodzimodzi. Kachitatu mnyamata uja analoza ndi chimkuzamawucho n'kunena kuti, "Madala inu a kumapeto, kunkhondo munapitadi, kapena munkangosenda mbatata kukhitchini?" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Agogo anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi. Anati, "Bwana, ine ndinali wa machira." Sanamalize. Mnyamata uja anawayankha kuti, "Nkhani zakale mukawauze adzukulu, pano tikufuna mzere wooneka bwino pa kanema." A wapampando sankaguba chifukwa cha mwendo uja. Anali pa mpando pansi pa mtengo, pafupi pomwepo, ndipo nthawi yonseyi ankayang'ana foni. Sindikunena izi kuti ndinyoze munthu wamkulu. Ndikungowerenga mbiri.

Masana a tsiku limenelo agogo anapaka choko pa nsapato yawo yamanzere, n'kuyamba kuguba pabalaza, kuchokera pa kabati kukafika pa chitseko. Akakhala okha zinkatheka bwinobwino. Koma pakangokhala munthu patsogolo pawo, phazi lamanja linkadzipitira lokha. Anandipempha kuti ndiziyenda patsogolo pawo kuti azolowere. Ndinayenda maulendo atatu, kenako ndinati ndili ndi homuweki. Ndinalibe. M'mawa mwake anapita kubwalo kuja molawirira, choko ili pa nsapato, ndipo anawauza kuti mzere wakwana, iwo adzangopatsidwa mpando mu tenti.

Pa tsiku lenilenilo mipando ya mu tenti inali ndi mapepala a mayina, ndipo lawo panalibe. Anaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi ogulitsa madzi ndi maswiti, pa dzuwa, jekete yakuda ili m'thupi, mendulo pa chifuwa. Bandi inaimba, riboni inadulidwa, nsalu inachotsedwa pa chikwangwani, ndipo amene anayankhula anati dziko silidzaiwala ngakhale mmodzi. Ine ndinali pa mzere wa ana asukulu, mapazi atatu okha kuchokera pamene agogo anaima. Mnzanga wina anandigunda ndi chigongono n'kufunsa kuti, "Iwe, si agogo ako aja, a phazi aja?" Anzathu ena anali atayamba kale kuwayerekeza, kudumphadumpha ndi mwendo umodzi. Ine ndinati, "Ayi, ndi aneba."

Ndinkaganiza kuti bandi inaphimba mawu anga. Titafika kunyumba agogo anavula jekete, anaipachika kuseri kwa chitseko, kapepala ka mayina kaja kali m'thumba momwemo, n'kukhala pa mpando. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aneba, mungandigawireko madzi akumwa?" Amayi anaseka, ankayesa ndi nthabwala zawo za masiku onse. Nyumba yonse inalitola dzinalo. Ena a inu mwandiitana nalo ngakhale pa maliro pano, ndipo ndakhala ndikuyankha. Agogo sanauze munthu kumene linachokera. Sanandikalipire, sananditchulire nkhaniyo ngakhale kamodzi. Kusukulu tinaloweza kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo pa mayeso tanthauzo lake ndinalemba molondola.

Msewu utatsegulidwa, pakati pake panamangidwa chipupa cha konkire chofika m'chiuno, choti munthu asawoloke. Tchalitchi chino ndi kiliniki yathu zinatsalira tsidya linalo. Mlatho wa anthu oyenda pansi uli patali, kupitirira pogulitsira mafuta a galimoto, ndipo uli ndi masitepe makumi anayi ndi asanu ndi atatu pokwera, enanso otero potsika. Mawondo a agogo anali atatha kale. Poyamba ankakwera, kupuma kanayi. Kenako anayamba kudumphitsa masabata. Amene munkafunsa kuti a Kumbuyo asiyiranji kupemphera, yankho lake ndi limenelo. Masiku okayezetsa kuthamanga kwa magazi nawonso ankawadumphitsa, akuti ali bwino. Usiku ndi usana malole ankagwedeza mawindo, ndipo popeza khonde kunalibe, ankangokhala m'chipinda, katani ili chitsekere. Pa wailesi akamatchula dzina la msewuwo ankatembenuza batani.

Mwezi wathawu, Lachinayi masana, anagwa pabalaza, dzanja lamanzere ndi mwendo zitafooka. Ambulasi inaima tsidya linalo, dalaivala akuti pokhotera pali kutali ndipo magalimoto adzaza. Amalume ndi mlamu wawo anawaika agogo pa bulangete n'kuwakweza mlatho uja, masitepe onse aja, anthu akujambula ndi mafoni. Onse awiri ankaponda limodzi, bulangete likupita uku ndi uku. Agogo, pakamwa patapindika kale, anati, "Mukundinyamula ngati thumba la makala. Wakumbuyo, sintha phazi." Amalume anasintha, ndipo bulangete linadekha. Anagonekedwa m'chipatala chomwe chija anagwirako ntchito, m'wodi ya abambo, bedi la pafupi ndi windo. Trole imene inawatengera kumeneko inkalira mawilo, ndipo anafunsa ngati oilo anatha m'dziko muno.

Tsopano ndafika pa mawu aja. Linali Lamlungu, nthawi yoona odwala, amayi atapita kukatsuka mbale. Agogo anandikodola ndi dzanja limene linkagwirabe. Anati, "Aneba, sendera kuno. Ndikafa adzabwera ndi mbendera. Adzafuna kundiyendetsa pa msewu wawo uja, adzaime pa chikwangwani, ajambulitse. Ndili moyo ndinkawawonongera mzere. M'bokosi ndidzawakomera, chifukwa mtembo suphonya phazi. Udzawauze kuti ndinakana. Mudzandidzeretse njira yakale, yakuseri kwa msika, yodzera pansi pa mlatho wa sitima." Ine ndinati, agogo, bwanji osawauza amalume? Anati, "Amalume ako ndi munthu wabwino, koma amaopa anthu ovala tayi." Amalume, mundikhululukire, ndikungonena monga ananenera. Ndinati nanenso ndimaopa. Anati, "Ndikudziwa. Koma iwe unakhala kale chete kamodzi. Kwakwana." Ndi tsiku lokhalo limene anayandikira nkhani ija. Anatisiya Lachiwiri lapitali cha m'ma teni koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu.

Dzana a bungwe anabweradi, monga malemu ananenera, ndi mbendera, nkhata ya maluwa ndi pulogalamu yosindikiza kale. Anakhala pabalaza pomwe paja agogo ankagubira. Ndime yachisanu ndi chiwiri ikuti mdipiti udzera pa Msewu wa Chikumbutso, uima mphindi khumi pa chikwangwani, a wapampando ayankhula, ndipo a kanema adzakhalapo. Amalume anathokoza, anati ndi ulemu waukulu ku banja. Ine ndinali pomwepo ndikuthira tiyi. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi choti, "Shuga ndiike angati?" Dzulo ndinawatsatira amalume kawiri, mpaka kuseri kwa nyumba kumene ankakambirana za manda, ndipo maulendo onse awiri ndinabwerera. Ndiye ndinaganiza kuti ndilembe muno, chifukwa ndakhalapo pa maliro angapo ndipo sindinaonepo munthu wowerenga mbiri ya malemu akudulidwa mawu.

A wapampando, mbendera yanu taiona ndipo ndi yokongola. Mpando umodzi mu tenti muja ukanakwana. Mawu anayi okha pa bwalo la mpira paja, oti "ameneyu anandinyamula ine, musiyeni," akanakwana. Sindikuyankhula ngati munthu woyera, chifukwa inenso ndinali pomwepo ndi kambendera m'manja, ndipo ine ndinachita choposa kukhala chete. Koma agogo sanali chithunzi choti chikakongoletse chikwangwani. Msewu umenewo unawadyera khonde, unawatsekera njira ya kutchalitchi ndi ya kukiliniki, ndipo tsiku lokhalo limene anaupempha kanthu, unawaimika kuseri kwa chingwe. Anati asadzerepo. Ndinawamva ndi makutu anga.

Amalume, ine ndine mwana, makiyi a galimoto sali kwa ine, ndipo mukandikalipira tikabwerako ndidzamva. Pulogalamu inasindikizidwa, a kanema mwina aima kale pa chikwangwani. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma mawu aja ndawatula, tsopano ali m'manja mwanu, pamaso pa anthu onsewa. Thupi likadzera pa msewu waukulu, ine sindikwera nawo. Ndiyenda wapansi njira yakuseri kwa msika, mudzandipeza kumanda.

Malemu asiya ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Asiya apongozi awiri, adzukulu khumi ndi mmodzi, zidzukulu ziwiri, ndi mlamu wawo mmodzi, mng'ono wa agogo aakazi, amene walephera kubwera chifukwa cha masitepe a mlatho. Pa anzawo a kunkhondo atsala khumi ndi atatu.

A dalaivala, ngati amalume alola, mukatuluka pa geti mukhotere kumanja, osati kumanzere. Njira imeneyo ndi yaitali, ndipo mvula yapitayi inakumba maenje pansi pa mlatho wa sitima. Muyende nawo pang'onopang'ono.

Agogo anga, a Kumbuyo, apumule mu mtendere.